Kodi magetsi a m'nyumba mwanu ndi adzuwa zoona? Yankho kwa mayi wa ku Randburg

Mayi wina wochokera ku Kasungu, yemwe amachita lendi m'nyumba zosanjikizana ku Randburg, wanditumizira funso pa imelo. Akuti kampani yoyang'anira nyumbazo inamata chikalata pakhomo cholengeza kuti tsopano akugwiritsa ntchito magetsi adzuwa ndi amphepo okhaokha, chonsecho padenga palibe sola ngakhale imodzi, ndipo kampani yomweyo ikupempha anthu kuti azizimitsa giza kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko madzulo. Iwo akufuna kudziwa ngati akunamizidwa, komanso chifukwa chake akumanidwa madzi otentha pamene dzuwa ndi laulere.

Mayi, chikalatacho chikhoza kukhala choona m'mabuku owerengera a kampaniyo, koma sichikunena za magetsi amene amayatsa babu lanu 7 koloko madzulo. Magetsi onse opangidwa m'dziko muno la South Africa amalowa m'mawaya amodzi n'kusakanikirana, monga momwe madzi a Bua, Dwangwa ndi Linthipe amasakanikirana m'nyanja ya Malawi, kotero kuti wotunga ku Mangochi sangaloze mtsinje umene wamupatsa madziwo. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a magetsi a ku South Africa amachokera ku malasha, makamaka kumakina akuluakulu a kampani ya boma ya Eskom a ku Mpumalanga monga Kendal, Majuba ndi Kusile. Otsalawo amachokera kumakina a nyukiliya a Koeberg pafupi ndi Cape Town, kudamu la Cahora Bassa ku Mozambique, komanso kuminda ya sola ya ku Northern Cape ndi makina amphepo a ku Eastern Cape ndi Western Cape, omwe anayamba kumangidwa boma litatsegulira makampani omwe si aboma mwayi wopanga magetsi otere mu 2011. City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Joni, imagula magetsi ake ambiri ku Eskom, ndipo ena imatenga ku Kelvin, omwenso ndi makina amalasha ku Kempton Park.

Nanga kampani imalimba mtima bwanji kulemba mawu oterowo? Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba, imene amaitcha wheeling, ndi yakuti kampani imachita mgwirizano ndi mwini munda wa sola, tiyerekeze wa ku Upington, n'kumalipira mayunitsi amene mundawo walowetsa m'mawaya, kenako n'kulipiranso Eskom kapena khonsolo chifukwa chogwiritsa ntchito mawaya awo. Yachiwiri ndi yogula masatifiketi okha. Munda wa sola ukapanga mayunitsi 1,000 umalandira satifiketi imodzi, ndipo satifiketiyo ikhoza kugulitsidwa payokha kwa munthu amene magetsi ake akugulabe kwina. Kumapeto kwa chaka kampani imawerengera mayunitsi onse amene nyumba zagwiritsa ntchito, ndipo akafanana ndi a m'masatifiketi, imalengeza kuti magetsi ake onse ndi osawononga chilengedwe.

Ine sindiika njira ziwirizi pamuyeso umodzi. Mgwirizano wa zaka 15 kapena 20 umene wachititsa kuti banki ibwereketse ndalama zomangira munda watsopano wasintha chinthu chenicheni, chifukwa masana malasha owotchedwa amachepadi. Koma satifiketi yogulidwa kumakina amene anamangidwa kalekale, omwe akanapanga magetsiwo ngakhale wogulayo kulibe, imangosamutsa mbiri yabwino kuchoka kwa wina kupita kwa wina, utsi wa ku eMalahleni, tauni ya malasha ya ku Mpumalanga, uli chimodzimodzi. Ndipo ngakhale njira yabwinoyo ili ndi pobisalira, pakuti kuwerengera kwa chaka chonse kumalola kuti mayunitsi opangidwa masana a mu Disembala aphimbe mayunitsi ogwiritsidwa ntchito usiku wa mu Julayi.

Apa m'pamene nkhani ya giza ikulowera. M'mawaya magetsi sakhalitsa: amene akupangidwa ayenera kufanana ndi amene akugwiritsidwa ntchito pa mphindi iliyonse. Ku Simmerpan, ku Germiston, kuli likulu limene akatswiri amayang'anira usana ndi usiku kuti mawaya a dziko lonse aziyenda pa 50 Hz, nambala imene imasonyeza kuti magetsi opangidwa akufanana ndi ogwiritsidwa ntchito, ndipo anthu akayatsa zinthu zambiri kuposa magetsi amene alipo, nambalayo imatsika, moti pamafunika kuwonjezera makina kapena kuzimitsira anthu ena. Load shedding imene inatisautsa kwambiri mu 2023 inali njira yachiwiriyi, ndipo siteji iliyonse inkatanthauza kuchotsa mamegawati 1,000.

Tsono taganizirani madzulo a nyengo yozizira kuno ku Joni. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, nthawi yomwe anthu akutsika m'matekisi, kuyatsa masitovu, mahita ndi ma TV, ndiponso kusamba. Kufunika kwa magetsi kumafika pachimake pa ola lomwelo limene minda yonse ya sola yasiya kupanga, ndipo mphepo siilamulika, imatha kuomba kapena kukhala bata. Mpatawo umatsekedwa ndi malasha, ndi madamu a Ingula ndi Drakensberg amene amapopera madzi kumtunda pamene magetsi achuluka n'kuwatsitsa madzulo, ndipo zikavuta amayatsa makina a dizilo a Ankerlig ndi Gourikwa, omwe magetsi ake ndi okwera mtengo kwambiri. Choncho, mayi, kampani yanu popempha kuti muzizimitsa giza madzulo ikuvomereza mosalankhula kuti pa maola amenewo magetsi ake si adzuwa.

Komabe pempholo palokha ndi lanzeru, ndipo ndingati ndi loona mtima kuposa chikalata cha pakhomocho. Giza wamba wa malita 150 amakoka makilowati atatu akamatenthetsa madzi, kutanthauza kuti magiza 1 miliyoni akayaka pamodzi amakoka mamegawati 3,000, ofanana ndi masiteji atatu a load shedding. Ubwino wake ndi wakuti giza amasunga kutentha kwa maola ambiri, kotero madzi otenthetsedwa pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, pamene magetsi adzuwa ali ochuluka m'mawaya, amakhala akadali otentha nthawi yosamba madzulo. Simukumanidwa madzi otentha ayi, mukungopemphedwa kusintha nthawi yowatenthetsera. City Power yakhala ikuchita zimenezi kwa zaka zambiri m'madera ena pogwiritsa ntchito kachipangizo kozimitsa magiza kuchokera kutali, ndipo mu 2023 Eskom inayesa njira ina ku Fourways, yotsitsa mphamvu ya mita kuchoka pa ma amp 60 kufika pa 10 m'malo mozimitsiratu, kuti nyale, firiji ndi intaneti zipitirire koma sitovu ndi giza zidikire. Izi n'zosiyana ndi load reduction imene abale athu a ku Soweto ndi Orange Farm amaidziwa bwino, yomwe cholinga chake ndi kuteteza matransifoma olemedwa a m'deralo.

Ife Amalawi sitiyenera kudabwa kuti magetsi osawononga chilengedwe amathanso kuperewera. Ambiri mwa magetsi a kwathu amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma madzi akachepa m'nyanja timagona mumdima, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Munda wa sola wa ku Golomoti, wa mamegawati 20, unamangidwa pamodzi ndi mabatire chifukwa cha vuto lomweli la nthawi.

Pali chinthu china chimene chikalatacho mwina sichinatchule, chomwe ndi ndalama. Ogula magetsi ambiri pamodzi, monga eni nyumba zosanjikizana, kawirikawiri amalipira mtengo wosinthasintha malinga ndi nthawi, ndipo yunitsi ya madzulo a nyengo yozizira imakwera mtengo kangapo poyerekeza ndi ya usiku wapakati. Ngati nyumba zanu zili pa mtengo wotere, giza wanu akazima madzulo bilu ya kampaniyo imatsika, ndipo muli ndi ufulu wofunsa ngati kutsikako kukufika pa mita yanu kapena kukuthera m'thumba mwawo.

Mukawalembera, afunseni dzina la munda kapena makina amene akugulako magetsi, chaka chimene anamangidwa, ngati agula magetsi enieni kapena masatifiketi okha, komanso ngati amawerengera pa chaka kapena pa ola. Kampani imene ili ndi mgwirizano weniweni imayankha zimenezi mosavuta. Ikazemba, ndipo mawu omwewo ikuwagwiritsa ntchito potsatsa nyumba zake, mukhoza kukadandaula ku Advertising Regulatory Board, bungwe lomva madandaulo okhudza malonda osocheretsa. Pa nkhani ya giza, apempheni kuti akuikireni taimala kudzera mwa katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, m'malo moti muzikumbukira kukhethemula switchi tsiku ndi tsiku, ndipo kutentha kwa madzi kusatsitsidwe kufika pansi pa madigiri 60, chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo.