Dzina lachotsedwa pa mndandanda wa malo, dimba nalo latengedwa

Mayi wina wa ku Makhanga, kwa mfumu yaikulu Mlolo ku Nsanje, walemba kuti atasamukira kumtunda chifukwa cha namondwe wa Freddy mu 2023, dzina lake linasowa pa mndandanda wa olandira malo atsopano. Dimba lakale la malemu amuna ake nalonso akulima ndi alamu ake, ati wosamuka alibe chake.

Mayi, nkhani zanu ndi ziwiri, ndipo yamndandandayo ndi imene ingakutayikeni msanga.

Mukuti kukhonsolo anakuuzani kuti "tiziona", ndipo mwakhala mukubwererako. Apa ndiye pamene milandu yotere imafera. Kutsutsa chiganizo cha ofesi ya boma kumachitikira ku High Court, ndipo lamulo limapereka miyezi itatu yokha kuchokera tsiku limene chiganizocho chinapangidwa. Kudandaula pakamwa sikuimitsa masiku amenewa. Munthu amawoloka Shire pa bwato, kukwera kabaza, kukakhala pa benchi tsiku lonse, bwana n'kumuuza kuti abwere Lachinayi. Pofika kwa loya miyezi yatha, m'manja mulibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anafikako. Khothi litha kuwonjezera nthawi ngati pali chifukwa chomveka, koma woweruza ena sakhutira ndi "ndinkadikira a DC". Sindingakulonjezeni.

Choncho lembani kalata lero, yopita kwa DC. Mutchulemo Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limati ofesi ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu ikupatseni zifukwa zake molemba. Mupite ndi makope awiri, ina aidinde sitampa ndi deti mubwerere nayo. Akakana kudinda, ndipo ena amakanadi ngati sitampayo anagula ndi ndalama zawo, lembani tsiku ndi udindo wa wakanayo pamaso pa mboni.

Za dimba. Ruo, amene amachokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire cha ku Chiromo, anasintha njira pa madzi osefukira a 2015, ndipo namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy anakwiriranso minda ndi mchenga. Mtengo wa mango kapena chulu chimene chinali malire mwina kulibenso. Umboni wanu tsono ndi anthu: oyandikana nawo dimba, nyakwawa, amene ankakugwirirani ganyu. Alembetseni zimene akudziwa akadali pafupi, chifukwa kusamuka kwabalalitsa midzi. Kuthawa madzi pakokha si kusiya malo, komabe zaka zikamapita alamu akukolola inu muli chete, mlandu umafooka. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limati mkangano uyambire ku bwalo la malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, apilo n'kupita ku bwalo la malo la boma lanu. Alamuwo akumbutsidwenso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi mlandu, kaya lobola inaperekedwa.

Musadinde chala pa pepala lililonse osakuwerengerani munthu wanu. Sungani khadi la kumsasa ndi chitupa cha unzika. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo ulere, koma musayese kuti kudandaula kumeneko kwaimitsa miyezi itatu ija.