X-ray sinaonetse kanthu, nanga MRI ndi yachiyaninso?

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 3 wasiya kuyenda, akamukhazika pansi amalira, ndipo akafuna kutola chinthu amanjuta osaweramitsa msana. Anamujambula X-ray koma sipanaoneke vuto, komabe adokotala akufuna MRI, njira ina yojambulira mkati mwa thupi. Funso lawo n'lakuti, kodi n'zofunikadi?

Mayi, n'zofunika ndithu, musazengereze, chifukwa zizindikiro zotere zimatha kusonyeza kuti tizilombo talowa mumsana.

X-ray imaona fupa likayamba kudyeka. Tizilombo tikalowa mumsana, masabata awiri kapena atatu oyamba chithunzi chimatha kutuluka chabwinobwino matenda ali mkati. Pambuyo pake m'pamene mpata wa pakati pa mafupa awiri umaoneka kuti wachepa. Mumpatamo mumakhala kanyama kofewa kotchedwa disc. Kwa ife akuluakulu magazi salowa mkati mwake, koma kwa ana aang'ono timitsempha ta magazi timafikamo. N'chifukwa chake mabakiteriya monga Staphylococcus aureus ndi Kingella kingae amakonda kukhazikika pamenepo, makamaka cha m'chiuno. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ana ambiri otere satentha thupi kwenikweni, ndiye makolo amangoti mwina anagwa posewera.

MRI imagwiritsa ntchito maginito, ilibe cheza ngati cha X-ray. Imaonetsa kutupa kwa mkati mwa fupa kudakali koyambirira, imaonetsanso ngati pali mafinya amene akupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Nthawi zina amabaya mankhwala a gadolinium kuti mafinyawo aoneke bwino. Chovuta chake, mwana ayenera kugona osagwedera kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, m'makina aphokoso. Wa zaka 3 sangathe, choncho musadabwe akanena zomugonetsa ndi mankhwala. Funsani nthawi yomusiyitsa kudya asanamugonetse.

CT, yomwe ndi X-ray ya pakompyuta yojambula thupi m'magawomagawo, imathandiza kwambiri akafuna kulondolera singano yotengera kanyama kokayeza. Apa ndikuganizira za TB ya msana, imene dokotala wa ku England, Percivall Pott, anaifotokoza mu 1779. Iyo imadya mafupa pang'onopang'ono mpaka mwana kuchita linunda, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Chithunzi chokha sichitchula dzina la kachilombo, n'chifukwa chake adzayezanso magazi.

Podikira tsiku lojambula, mukaona miyendo ikufooka, kapena mwana akulephera kukodza kaya akudziyipitsira, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.