Za mafret a stainless pa gitala yamagetsi

Achimwene, mwafunsa ngati mafret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala pomwe mumakanikizira mawaya) a stainless steel amasintha kaliridwe ka gitala. Kusintha kulipo koma kochepa zedi, mukaimba osalumikiza ku amp mumamva kakuthwa pang'ono, koma pickup (kachipangizo ka maginito ka pansi pa mawaya) imangotola kugwedezeka kwa waya, ndiye mukatsegula amp zambiri zimachokera ku ma pickup, mawaya ndi zala zanuzo. Ineyo mafret a stainless ndimawakondera kulimba. Mafret wamba aja ndi nickel silver, copper wosakaniza ndi zinc komanso nickel pafupifupi 18%, amadyeka msanga, ndiye kutentha kwa kuno ku Nsanje ndi Chikwawa thukuta limawadetsa sizocheza. Stainless sachita dzimbiri wamba ndipo bend (kukankha waya cham'mbali pa fret kuti mawu akwere) imaterera bwino kwabasi. Kungoti okonza amatchaja ndalama zambiri poti chitsulocho chimawathera ma file opalira mafret.