Kodi black hole tingaiike m'chilengedwe chomwe chikufutukuka?

Achimwene, mwafunsa ngati tingangotenga black hole ya Schwarzschild (black hole ndi malo okoka zinthu mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) n'kuiphatikiza ndi masamu a Friedmann a chilengedwe chofutukuka, yankho n'kutuluka. Ayi, siziyenda choncho. M'ma equation a Einstein ofotokoza mphamvu yokoka (gravity), mayankho awiri olondola mukawaphatikiza chotuluka sichikhala cholondola. Komanso awiriwa sagwirizana: yankho la Schwarzschild la mu 1916 limafuna kuti kunja kwa black hole kusakhale kanthu ndipo pasasinthe chilichonse, pomwe chilengedwe cha Friedmann n'chodzaza ndi zinthu ndipo chikukula.

Njira zilipo ndithu. Ya Kottler ya mu 1918 ndi yolongosoka koma yoperewera, chifukwa chofutukula ndi cosmological constant yokha (nambala ya m'ma equation a Einstein yomwe imakankha chilengedwe kuti chizikula), mulibe fumbi kapena gasi. Einstein ndi Straus mu 1945 anachita kuboola malo obulungira m'chilengedwe cha fumbi, n'kuikamo Schwarzschild, kenako n'kusoka m'malire. Zimatheka pokhapokha kulemera kwa chapakaticho kukafanana ndendende ndi kwa fumbi lomwe lachotsedwa.

Yomwe anthu akhala akulimbana nayo kwambiri ndi ya McVittie ya mu 1933. Pafupi imaoneka ngati Schwarzschild, kutali ngati Friedmann, koma McVittie anaikamo lamulo loti kanthu kasagweremo. Tangoganizani gasi ali pakamwa penipeni pa black hole koma osagwa! Kuti zitero, pressure imakwera mopanda malire pomwe pakanakhala horizon ya Schwarzschild, malire omwe kanthu kakawadutsa sikangatulukenso. N'chifukwa chake anthu anakangana zaka zambiri ngati ilidi black hole, mpaka Kaloper, Kleban ndi Martin mu 2010 anasonyeza kuti ndi black hole ngati kufutukukako kukathera ku de Sitter, kutanthauza chilengedwe chofutukulidwa ndi cosmological constant yokha.

Tsono pomwe ambiri amapusitsika ndi apa. Kulemba metric, masamu oyezera mtunda ndi nthawi m'chilengedwe, n'kosavuta. Mutha kuchulukitsa ya Schwarzschild ndi scale factor (nambala yosonyeza mmene chilengedwe chakulira pa nthawi iliyonse), monga anachitira Sultana ndi Dyer mu 2005, kompyuta n'kukuwerengerani Einstein tensor (mbali ya ma equation yomwe imakuuzani zinthu zofunika kuti metric-yo itheke), inu n'kumati mwapeza yankho latsopano. Komatu metric iliyonse imapereka "yankho" mukachita choncho. Funso ndi lakuti zinthu zomwe ikufunazo zingakhalekodi? Mu ya Sultana ndi Dyer, nthawi ikapita energy density (kuchuluka kwa mphamvu pamalo) pafupi ndi horizon imatsika kupyola ziro, zomwe zinthu wamba sizichita.

Choncho mukalemba yanu, musathamangire kusangalala. Yambani mwayesa ma energy condition (malamulo oonera ngati zinthuzo zingakhalekodi), kenako tsatirani kuwala muone ngati palidi malo omwe sikungatulukemo. Popeza zonse zikusintha ndi nthawi, event horizon (malire omwe kuwala sikudzatulukamo mpaka kalekale) ndi apparent horizon (malire omwe kuwala kukulephera kupita kunja pa nthawi imeneyo) sizikhalanso pamodzi, ndiye muzifufuze padera.