Funsani Anesi: Mwana wanga akumva mawu a anthu omwe ife sitikuwaona

Anesi, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala cha ku Chitakale ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti ina. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 22, anali wanzeru zedi mpaka analemba Fomu 4, koma chaka chatha anayamba kudzitsekera mnyumba, osasamba, kumaseka yekha, kenako kumanena kuti pa wailesi akunena za iyeyo komanso kuti nsima yomwe ndaphika ine mayi ake ndathiramo poizoni. Tinapita kwa asing'anga awiri, wina mpaka tinawoloka pa Muloza kukamupeza ku Mozambique, mbuzi inapita koma palibe chinasintha. Kuchipatala anati ndi schizophrenia, anatipatsa mapilisi ndipo anakhalako bwino ndithu, koma mankhwalawo amamuumitsa khosi, manja kunjenjemera, dovu kumangotuluka, ndiye kumapemphero anatiuza kuti wachira asiye. Pano zabwereranso ndipo amalume ake amumangirira ndi chingwe pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kodi ndi ufiti kapena chamba monga akunenera anthu? Nanga adzachira mwana wanga?

Mayi wosweka mtima, Mulanje

Mayi, pepani kwambiri, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Ndiyambe ndi chingwecho, chonde mumasuleni. Ndikudziwa amalume sakuchitira nkhanza, akuopa kuti mwana athawira mmunda mwa tiyi kapena kumsewu, koma munthu amene ali kale ndi mantha oti anthu akufuna kumupha mukamumanga ndiye kuti mwamutsimikizira kuti zomwe akuopazo ndi zoona, kuwonjezera apo chingwe chimacheka mnofu, ndaonapo mabala amene anachita kuola. Kokhala mwana wanu pano ndi kuchipatala basi.

Schizophrenia ndi matenda a ubongo, monga mmene shuga alili matenda a mthupi. Bungwe loona zaumoyo la WHO linanena mu 2022 kuti padziko lonse anthu pafupifupi 24 miliyoni anali nawo, ndiye kuti mmodzi pa anthu 300 alionse, azungu, amwenye, ife, opemphera ndi osapemphera omwe. Amakonda kuyamba munthu akangotha msinkhu mpaka zaka za mma 20, anyamata amayamba msanga kuposa atsikana, ndiye nchifukwa chake kumudzi timathamangira kunena kuti amulodza chifukwa cha nzeru za kusukulu, poti matendawa amabwera nthawi yomweyo imene mwana akulemba mayeso kapena wayamba kumene kupeza ndalama zake.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, mawu amene akumvawo iyeyo amawamvadi mmakutu mwake ngati mmene inu mumamvera mnzanu akukuyankhulani pachitsime, sakunama ndipo sakuchitira dala. Ndiye kukangana naye kuti palibe akuyankhula sikuthandiza, komanso musamuvomereze kuti eee zoona akukunena. Ingonenani kuti mwana wanga ine sindikuwamva koma ndikuona kuti ukuvutika, ndili nawe pano. Za nsimazo zimawawa, mayi amene munamuyamwitsa lero akuti mukufuna kumupha, koma amenewo ndi matenda akuyankhula. Idyani naye mbale imodzi, yambani ndinu kutema mbamu aone, kapena mulekeni aziphikira yekha masiku ena. Kusasamba ndi kungokhala duu osafuna kugwira kanthu nazonso ndi mbali ya matenda omwewa, si ulesi ayi.

Za chamba, anthuwo sakunama kwenikweni, chamba chimatha kudzutsa matendawa makamaka kwa mwana amene anayamba kusuta ali wamng'ono, ndipo kwa amene akudwala kale chimabweza zonse mmbuyo. Koma ambiri odwala sanasutepo nkamodzi komwe. Nthawi zina zimayenda mmagazi, mukafufuza bwino mupeza kuti kuchimuna kapena kuchikazi kunali wina amene anthu ankangoti mutu wake sukoka. Ngati amasuta asiye, kachasu nayenso ayi.

Tsopano pa mankhwala, apa ndi pomwe mabanja ambiri amagwera ndipo zimandipweteka chifukwa vutoli lili ndi njira yake. Mapilisi amene timapereka kwambiri mzipatala za boma ndi chlorpromazine ndi haloperidol, amagwira ntchito shuwa koma kwa anthu ena amaumitsa khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, ndendende zomwe mwalembazi. Zikatero simusiya, mumabwerera kwa adokotala kukanena, iwo amatha kuchepetsa mlingo, kuwonjezera kapilisi kena kotchedwa benzhexol kothetsa kuumako, kapena kusintha kupita ku mankhwala ena monga risperidone akakhalapo. Ngati mwana amakana kapena kuiwala kumwa palinso jakisoni wa fluphenazine amene nthawi zambiri amabaya kamodzi pamwezi. Munthu akayamba kupeza bwino si kuti matenda atha, ndi mankhwalawo akugwira, mukasiya amabwerera ndipo kubwerera kulikonse kumavutirapo kuchiza. Kupemphera pempherani ndithu, inenso ndimapemphera, koma botolo la mapilisi likhale pomwepo pambali pa Baibulo.

Tengani buku lake lakuchipatala mupite naye ku Mulanje District Hospital mukafunse anesi oona za matenda a maganizo, apite ndi munthu amene iyeyo amamukhulupirirabe, osati gulu la anyamata omugwira ngati wakuba. Akaona kuti akufunika kugonekedwa amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo musaope dzinalo, si kotaya anthu, amagonekedwa nkutuluka kubwera kwawo, thandizo lake ndi laulere.

Adzachira? WHO yomweyo imati mwa odwala atatu, mmodzi kapena kuposerapo zizindikiro zimatheratu. Ena ambiri amakhala bwino akumwa mankhwala, kulima, kuchita geni, kukwatira. Akakhazikika mupatseni tintchito, kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku, asamangokhala. Koma mukamva akunena zofuna kufa kapena kuti mawu aja akumulamula adzipweteke, musamusiye yekha, bisani zingwe ndi mankhwala a mbewu, thamangani naye tsiku lomwelo.

Anesi, mkazi wanga wachira masiku 10 apitawo mwana wathu woyamba, koma sakugona usiku onse, akungoyimba nyimbo ndi kuyankhula zosamveka, dzulo wati mwanayu si wake amusinthira. Apongozi akuti ndi mizimu ya kwawo tidikire ipite. Nditani?

Bambo wa ku Luchenza

Achimwene musadikire ngakhale tsiku limodzi, pitani naye lero ku Thyolo District Hospital kapena chipatala chilichonse chili pafupi. Zimenezi zimagwira mayi mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 amene angobereka kumene, zimayamba mwadzidzidzi mmasabata awiri oyamba, ndipo si schizophrenia nthawi zambiri, amayi ochuluka amachira bwinobwino akalandira mankhwala msanga. Akamuyezenso malungo ndi matenda ena a mthupi poti kutentha thupi pambuyo pobereka nakonso kumasokoneza mutu. Pakadali pano asakhale yekha ndi khandalo olo kwa mphindi zochepa, poyamwitsa pakhale munthu wamkulu pambali. Apongozi musakangane nawo, apempheni mwaulemu kuti mayi tiyeni limodzi mukatigwirire mwana panjira, ndipo mukadzafuna mwana wachiwiri mudzauze anesi a kusikelo kuti zinachitikapo chifukwa zimatha kubwereranso.