Amathyola masamba koma kheni saigwira: tiwathamangitse?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti iwo ndi anzawo oyandikana nyumba anatsegula dimba papuloti yomwe eni ake sanayambe kumanga, koma ena amangobwera kudzathyola, kuthirira ayi. Akufunsa ngati awachotse m'gulu.

Amayi, funso lanuli landikumbutsa chinthu chomwe chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ifenso tinali ndi dimba, mabanja asanu ndi awiri, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, ndinkadzuka tambala wachiwiri asanalire, makheni awiri m'manja, kutsika ndi kukwera mpaka msana kuwotcha. Mpiru, repu, tchayinizi, bonongwe womera yekha m'mphepete mwa mabedi. Tsiku lina ndinapeza agogo ena atawerama pabedi langa la mpiru, chitenje atachipinda ngati thumba. Ndinakalipa, amayi. Ndinawatchula wakuba pamaso pa ana. Iwo anangokhuthula masambawo pansi, nati, "Pepani mwanangu," n'kumapita pang'onopang'ono, akukoka mwendo.

Madzulo ake ndi pomwe ndinamva kuti amalera zidzukulu zinayi zamasiye, ndipo nsima ya dzulo lake anadyera mchere. Mpiru uja unafotera pomwepo. Palibe anautola.

Ndiye ndinene mosabisa: dimba la anthu ambiri mukaliyendetsa ndi sikelo ya thukuta lokha, mwatsegula golosale, si dimba. Kumudzi kwathu ku Dedza, munthu akadutsa pamunda n'kupempha nkhwani, sankafunsidwa kuti walimapo mizere ingati. Kupatsa n'kuika, amatero akulu. M'tauni muno taphunzira kuwerengera chilichonse pamulu, ngati pamsika wa Nsungwi.

Komanso sindikunena kuti aulesi kulibe. Alipo! Bambo wamphamvu zake, tsiku lonse ali pabawo, madzulo n'kutuma mwana ndi jumbo. Ameneyo ndi nkhani ina. Ndipo mtima umawawa kwambiri masiku ano chifukwa chilichonse chakwera. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza sagwirika. Ife tinathawira ku manyowa a Mbeya: ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Nsabwe za m'masamba timazithira madzi a masamba a nimu osinja. Phulusa lambiri linkachokera kwa agogo omwe aja, titayanjana, poti iwo amaphikira nkhuni. Mwaona? Thandizo si kheni yokha.

Nanga muchite chiyani?

Banja lililonse likhale ndi mabedi akeake. Bedi limodzi kapena awiri akhale a onse, othirira mosinthana, ndipo wosowa azithyolapo osafunsa. Musanathamangitse munthu, pitani kwawo awiri, mukakhale pakhonde, mumve kaye. Amene sangathe kunyamula madzi azisamala nazale, azizula udzu kapena azilondera mbuzi. Bambo wa pabawo uja mumupatse bedi lake. Likauma, lauma lake. Ndipo eni pulotiwo mukambirane nawo msanga, asanabwere ndi njerwa matimati ali pamaluwa.