Musalipire kuti akubwezereni streak yanu

Achemwali, mwalemba kuti streak yanu, chiwerengero cha masiku otsatizana amene mwakhala mukuchonga chizolowezi chanu pa app ya m'foni, yagwa kuchoka pa 140 kufika pa ziro. Masiku 140 amenewo musawagule ndi ndalama, ngakhale kakobiri. Ndawerenga zomwe mwalembazi mtima wangoti myuu, chifukwa ululu umenewu ndimaudziwa.

Mwati munachonga usiku koma m'mawa munapeza ziro. Si ulesi wanu ayi. Ma app ambiri oterewa sasunga chiwerengero m'foni mwanu, amasunga pa seva, kompyuta yawo yaikulu ya kunja. Mukadina kuti mwathamanga kapena mwawerenga, foni imaonetsa kachizindikiro kobiriwira uthengawo usanafike n'komwe. Ndiye magetsi azima chimasanasana kuno ku Chibavi, foni ili pa 4%, bandulo yathera m'manja cha m'ma 11 usiku, netiweki ikungovina pakati pa E ndi H. Mwadina, mwaona chobiriwira, mwatseka data kuti batire ifike pa alamu ya m'mawa. Pakati pa usiku seva yatseka tsikulo isanalandire kanthu. Kukacha mwagula bandulo muli pa kabaza kupita m'tauni, mwatsegula app, kamoto koonetsa streak kaja kazima. Masiku onse aja munkadzuka mumdima wa Juni, chifunga chili gwa, manja atauma ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno, apita. Pomwepo pomwepo kauthenga kakubwera koti lipirani tikubwezereni.

Apa ndi pamene ndimapsa mtima. Opanga ma app amenewa amadziwa bwino kuti munthu amaopa kutaya chomwe wasonkhanitsa kuposa mmene amakondera kupeza chatsopano, ndiye batani lolipira amaliika panthawi imene mtima uli pachilonda. Mtengo wake m'madola, pa Visa card, kwacha yathuyi itagwa ndi 44% mu Novembala 2023. Ukawalembera, amakuyankha ndi uthenga wokonzeratu woti uonetsetse kuti intaneti yako ili bwino. Sanaganizeko n'komwe za munthu amene amatchajitsa foni pa okala.

Musanachite china chilichonse, onani nthawi ya foni. Batire ikatheratu, mafoni ena amasokoneza deti. Lowani mu Settings, pa Date and time, muike automatic, ndipo ionetse GMT+2. Ngati ndi Tecno, itel kapena Infinix, battery saver imapha zikumbutso mwakachetechete. Pitani pa Apps, sankhani app yanuyo, pa Battery muchotse malire, ndipo mu Phone Master, app yosamalira foni, muyatse auto-start. Mukachonga, musatseke data msanga. Kokerani sikirini pansi idzitsitsimule, kapena mutuluke n'kulowanso muone ngati nambala yakwera.

Ngati masewera a ma streak mumawakondabe, Habitica, app yosandutsa zizolowezi kukhala gemu, ili ndi zothandiza zimene ambiri sazidziwa. Muli Custom Day Start, mutha kuika kuti tsiku lanu lizitha 3 koloko m'bandakucha m'malo mwa 12 usiku. Mulinso Pause Damage, yoyatsa mukadwala kapena mukamapita kumaliro kumudzi komwe kulibe netiweki. Kamunthu koimira inu m'gemumo kali ndi moyo wa 50, ma Dailies (ntchito za tsiku ndi tsiku) osachonga amaudya, ukatha mumataya level imodzi, golide ndi chida chimodzi. Chenjerani ndi party, gulu la anzanu osewera nawo: mukamamenyana ndi boss, chilombo cha m'gemumo, pagulu, kuphonya kwanu kumapweteka anzanu onse, ndipo maubale amaonongekera pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Imafunanso intaneti, choncho vuto lija silithera pamenepo.

Kwa ife a kuno, Loop Habit Tracker pa Android ndiyo imamveka. Ndi yaulere, siifuna akaunti kapena data, ndipo mphamvu ya chizolowezi imaiwerengera m'maperesenti amene amangotsika pang'ono mukaphonya tsiku, sagwera pa ziro. Vuto lake n'lakuti zonse zimakhala m'foni, ikabedwa kumsika zapita. Sabata iliyonse chitani export backup, fayiloyo mudzitumizire pa imelo.

Zizolowezi zisapose zitatu. Anthu amayamba ndi khumi, sabata yachiwiri ayamba kuchonga zabodza kuti nambala isagwe, ndipo zikafika pamenepo app yasanduka bwana. Muike zoti mungazichite ngakhale tsiku loipa: masamba awiri a buku, mphindi 10 zoyenda, makapu anayi a madzi.

Kunena zoona nambalayo ilibe kanthu, miyendo yanu ikukumbukirabe masiku 140 aja ndipo palibe seva ingafufute zimenezo. Komabe musalole kuti igwenso chifukwa cha netiweki. Ikani alamu ya 7 koloko madzulo yochongera, osadikira usiku, jambulani sikirini Lamlungu lililonse ngati umboni, ndipo kalendala ya pakhoma ija muziichonganso ndi bolopeni. Tsiku limodzi mutha kuphonya, awiri otsatizana ayi.